PHUNZIRO 6: DIMBA LA PAKHOMO, NDIWO ZOSADIKIRA NYANJA

CHOLINGA CHA PHUNZIROLI

Pomaliza phunziroli aliyense wa ife athe:
(a) kufotokoza chifukwa chimene banja la kuno ku Chilwa liyenera kukhalira ndi dimba pakhomo;
(b) kusankha malo ndi kuyala dimba molingana ndi nthaka, madzi ndi mphepo za kwathu kuno;
(c) kudziwa udindo wathu, wa mfumu ndi wa alangizi poteteza madimba m'mudzi.

MAU OYAMBA

Abale ndi alongo, ife okhala kwa Mwambo, kwa Kuntumanji ndi midzi yonse ya kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa tinakula tikudziwa kuti ndiwo zimachokera ku Kachulu. Matemba, makumba ndi milamba ndizo zatilera. Koma nyanja yathuyi ndi yosaya, ilibe mtsinje wotuluka, ndipo imadalira mvula imene imadzaza Domasi, Likangala, Thondwe, Phalombe ndi mitsinje ina. Mvula ikavuta zaka zotsatizana, nyanja imathawa. Inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, inachepa kwambiri mu 2012, ndipo mu 2018 mabwato anagona pamatope ong'aluka. Nthawi zina vuto limakhala madzi ochuluka, monga mu Januwale 2015 ndi mu Malichi 2023 pamene namondwe wa Freddy anamiza minda ndi kugwetsa nyumba. Chaka chotsatira, 2024, ng'amba inapsereza chimanga.

Pa zaka zonsezi chimene chimayamba kusowa m'mbale ndi ndiwo. Nsima ikhoza kupezeka ya ganyu kapena ya chithandizo, koma mwana sakula ndi nsima yokha. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa ana 100 osakwana zaka 5 m'Malawi, 37 anali opinimbira. Alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa magulu 6 a zakudya. Mwa magulu amenewa, masamba, zipatso, za mtundu wa nyemba ndi zokhutitsa monga mbatata zikhoza kuchokera pa mapazi ochepa chabe kuchoka pakhomo la kukhitchini. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

1. KUSANKHA MALO

Dimba tikunena pano si la kudambo ayi. La kudambo ndi labwino, koma lili kutali, limamira msanga, ndipo mayi wodwala kapena gogo sangapiteko tsiku ndi tsiku. Tikunena kadimba kapakhomo, ngakhale ka mamita 5 m'litali ndi 4 m'lifupi.

Tisanagwire khasu tiyambe tayendera pakhomo pathu ndi kudzifunsa mafunso awa. Kodi mvula ikagwa madzi amatsata kuti, nanga amaima pati? Kodi dzuwa limawala pati kwa maola osachepera 6? Kodi timatsukira mbale ndi kusambira kuti? Kodi chimbudzi ndi khola zili mbali iti?

Dimba lisakhale kumunsi kwa chimbudzi, pakuti madzi akasefukira amatenga zonyansa n'kuzithira pa masamba. Tonse tikukumbukira kolera wa 2022 ndi 2023. Chitsime nacho chitalikirane ndi chimbudzi mamita 30 kapena kuposa. Khola likhale pafupi ndi dimba kuti ndowe tisamanyamule mtunda wautali, koma pakati pake pakhale mpanda.

2. KAYALIDWE KA DIMBA

Mpanda ndiwo woyamba. Kubzala popanda mpanda n'kuphikira mbuzi. Chaka choyamba timange wa bango, mapesi kapena udzu, koma nthawi yomweyo tibzale mpanda wamoyo m'mbali mwake. Zodula za gliricidia ndi za chammwamba zimaphuka msanga. Masamba a gliricidia ndi manyowa, a chammwamba ndi ndiwo. Nkhadze imatchinga bwino, koma utomoni wake umaononga maso, choncho si yabwino pamene ana amasewera. M'munsi mwa mpanda nkhuku zimalowa, tsono tithithikize bango pamenepo.

Mitengo itali-itali tiibzale mbali ya kumwera. Zifukwa zake ndi ziwiri. Miyezi yozizira, imene ndiyo nyengo ya masamba, dzuwa limayenda chakumpoto, ndiye mtengo wa kumpoto ungaphimbe mabedi ndi mthunzi. Chachiwiri, mphepo ya mwera imene imaomba kuyambira Meyi mpaka Ogasiti imaumitsa nthaka ndi kugwetsa tomato, ndipo mitengo ya kumwera imaichepetsa mphamvu. Bulugamu asayandikire dimba kapena chitsime chifukwa amamwa madzi ambiri. Mango tibzale kutali ndi khoma la nyumba.

Bedi likhale la mita 1 m'lifupi kuti dzanja lifike pakati popanda kuponda. Pakati pa mabedi tisiye kanjira ka theka la mita. Nthaka yopondedwa imalimba ndipo mizu imalephera kupuma.

Kuno tili ndi nthaka ya mitundu iwiri, ndipo iliyonse ili ndi khalidwe lake. Makande a kufupi ndi nyanja ndi achonde, koma dzinja amasunga madzi ngati mphika ndipo chilimwe amang'aluka. Pa makande bedi la dzinja likwere masentimita 20 mpaka 30, ndipo tikumbe kangalande kotulutsa madzi. Nthaka ya mchenga imataya madzi msanga. Pamenepo, makamaka chilimwe, bedi likhale lolowa pansi ngati beseni, lothiridwa manyowa ambiri. Lamulo lake n'losavuta kukumbukira: dzinja bedi likwere, chilimwe bedi litsike.

Pamene madzi amathamanga ndi kukumba bwalo, tibzale mzere wa vetiva mopingasa. Mizu yake imapita pansi kwambiri, ndipo udzu wake timaumweta n'kuphimbira mabedi.

Kukongola nakonso n'kofunika. Maluwa m'mbali mwa njira yolowera, mtengo wa mthunzi pabwalo pokhalira alendo, ndi thandala la mbale lomwe pansi pake pamera chinangwa kapena tsabola, zonsezi zimapatsa khomo ulemu. Maluwa amaitananso njuchi zimene zimathandiza maungu kubereka. Kusesa bwalo mpaka kupala nthaka tsiku lililonse kumapereka dothi ku mphepo ndi ku madzi. Tisese pokhalira ndi poyenda, koma zinyalala zoola tisatenthe, tizipititse ku kompositi.

3. TIBZALE CHIYANI?

Tiyambe ndi ndiwo za makolo: bonongwe, luni, chisoso, denje, therere, nkhwani, chitambe ndi kholowa. Izi zinazolowera kutentha kwa kuno, sizifuna mankhwala ambiri, ndipo mbeu yake timasunga tokha. Bonongwe timayamba kuthyola patangotha mwezi umodzi. Mpiru, repu, tchainizi, anyezi ndi tomato zimachita bwino miyezi yozizira, kuyambira Epulo mpaka Ogasiti. Kukatentha mu Okutobala nsabwe zimazigwira kwambiri, ndipo ndi nthawi imene bonongwe ndi therere zimatipulumutsa.

Tisaiwale mbatata yofiira m'kati, monga Zondeni, Kadyaubwerere ndi Chipika. Ili ndi vitamini A wothandiza maso ndi chitetezo cha thupi la mwana. Kabedi kamodzi kothiriridwa chilimwe chonse kamatisungira mbeu ya kumunda, ndipo masamba ake ndi kholowa. Nandolo tibzale m'mbali mwa mpanda. Amapirira chilala, amabwezera chonde, ndipo mitengo yake ndi nkhuni.

Pa zipatso, papaya amabereka chaka chisanathe kapena chitangotha, koma madzi akaima pa mizu yake masiku ochepa okha amafa. Pa makande timubzale pa kachulu kounjika. Nthochi zimakonda chinyontho. Gwafa ndi mandimu ndi opirira. Mango olumikiza amayamba kubereka patapita zaka 3 kapena 4. Dzenje la mtengo wa zipatso likhale masentimita 60 kuya ndi 60 mbali zonse, ndipo dothi la pamwamba tisakanize ndi manyowa. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala kulekeza pa 15 Epulo, koma wobzala kumayambiriro ndiye amapindula ndi mvula yonse.

4. MADZI

Apa ndi pamene ambiri amagwa mphwayi. Mijigo ndi zitsime zina za kufupi ndi nyanja zili ndi madzi a mchere. Tikamathirira pang'onopang'ono pamwamba, dzuwa limamwa madzi n'kusiya mchere. Chizindikiro chake ndi kuyera kwa nthaka ngati yawazidwa ufa, ndi masamba opserera m'mphepete. Ngati madzi athu ndi otere, tithirire mokwanira kuti alowe pansi, tithire pa tsinde osati pa masamba, tiphimbire bedi, ndipo tionjeze manyowa. Nyemba sizipirira mchere ngakhale pang'ono, pamene tomato amayesako. Madzi a mvula a padenga la malata ndi abwino koposa, makamaka ku nazale. Mgolo wosungira ukhale wovindikira chifukwa cha udzudzu ndi ana.

Madzi otsukira mbale ndi a kubafa asatayike. Tikumbe dzenje kumene amathera, tidzazemo miyala ndi udzu kuti asaime poyera, ndipo mozungulira tibzale nthochi. Madzi amenewa ndi a mitengo, osati a masamba amene tithyole mawa.

Kuphimbira ndi theka la kuthirira. Mapesi a mpunga ochokera ku sikimu ya Likangala ndi m'madambo, amene ambiri amangotentha, amasunga chinyontho ndi kuletsa udzu. Tisiye kampata pozungulira tsinde poopa chiswe ndi kuola. Nthawi yothirira ndi m'mamawa kapena madzulo.

5. CHAKUDYA CHA NTHAKA NDI KUTETEZA MBEU

Chitsikireni mphamvu ya kwacha mu Novembala 2023, thumba la feteleza lakhala loto kwa mabanja ambiri. Dimba laling'ono silifuna thumba. Tiunjike mosanjikiza udzu wouma, masamba aawisi, ndowe ndi phulusa pang'ono, tiwaze madzi, kenaka timate ndi dothi monga timachitira kompositi ya chimato. Pakatha miyezi 2 kapena 3 manyowa amakhala akuda, ozizira ndi onunkhira ngati dothi la m'nkhalango. Ndowe zaziwisi, makamaka zitosi za nkhuku, zimatentha mbeu.

Tisabzale mbeu ya banja limodzi pa bedi lomwelo motsatizana. Tomato, mabilingano, tsabola ndi fodya ndi a banja limodzi ndipo amapatsirana matenda. Mpiru, repu ndi kabichi ndi banja linanso. Pamene panali tomato pabwere anyezi kapena chimanga chachiwisi.

Mlimi wa dimba amayendera mbeu zake tsiku lililonse ndi kutembenuza masamba. Mbozi zikadali zochepa timatola ndi manja. Masamba a nimu osinja, oviikidwa usiku wonse ndi kusefedwa, amathandiza pa nsabwe tikapopera madzulo. Ombwe nayenso amapha tizilombo, koma chenjerani, amapha ndi nsomba zomwe. Chotengera chake tisatsukire mumtsinje kapena m'ngalande za sikimu. Mankhwala ogula m'timabotolo topanda chizindikiro pamsika tiwapewe, pakuti sitidziwa muyeso wake ngakhale masiku oyenera kudikira tisanadye.

Masamba akachuluka tifutse. Tiwawiritse pang'ono, tiyanike pamthunzi podutsa mphepo, ndi kusunga pouma. Mfutso wa mu Malichi ndi ndiwo za mu Okutobala.

6. UDINDO WATHU NGATI NZIKA

Malamulo aakulu a dziko lino a 1994, mu gawo 30, amanena za ufulu wa chitukuko, ndipo chakudya chatchulidwa pakati pa zinthu zimene aliyense ayenera kukhala ndi mwayi wozipeza. Tsono tili ndi ufulu wopempha mlangizi wa zaulimi kuti afike m'mudzi mwathu, ndi wofunsa khansala wathu ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi za mjigo umene unaonongeka. Koma ufulu umayenda ndi udindo. Pali nkhani zitatu zimene banja limodzi silingathe palokha, paja mutu umodzi susenza denga.

Yoyamba ndi ziweto. Tikangokolola, mbuzi ndi nkhumba zimamasulidwa, ndipo mwini dimba akadandaula amauzidwa kuti chilimwe n'cha ziweto. Pamsonkhano wa mudzi tipemphe mfumu kuti tigwirizane lamulo lomveka: mwini dimba amange mpanda, mwini ziweto aziyang'anira, ndipo chindapusa chidziwike mlandu usanachitike. Lamulo likhudze onse mofanana, ngakhale mbuzi zitakhala za kwa mfumu.

Yachiwiri ndi chikamwini. Abambo ena amati sangabzale mango pamudzi pa mkazi chifukwa mawa akhoza kuuzidwa kuti anyamule bulangete lawo. Koma amene adzadya mangowo ndi ana awo omwe. Eni mbumba nawonso alemekeze thukuta la mkamwini. Dimba si ntchito ya amayi okha: kukumba, kumanga mpanda ndi kutunga madzi tigawane, ndipo ndalama za tomato tiziwerengera pamodzi.

Yachitatu ndi mitsinje ndi dambo. Mu 1996 Chilwa inalembedwa pa mndandanda wa madambo ofunika pa dziko lonse, pansi pa pangano la Ramsar. Tikalima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa Likangala, dothi limakokoloka n'kukakwirira nyanja imene ili kale yosaya. Dimba la pakhomo limachepetsa chikakamizo cholima m'gombe la mtsinje.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MAGULU

1. Mu 2018 nyanja itaphwa, mabanja a m'mudzi mwathu ankadya ndiwo zanji? Ndani anavutika kwambiri?
2. Ndi mbeu ziti za makolo zimene zikusowa, ndipo ndani akadali nazo?
3. Kodi mudzi wathu uli ndi lamulo la ziweto? Nanga limagwira ntchito kwa onse?
4. Tingathandize bwanji okalamba, odwala ndi ana amasiye kukhala ndi kadimba kawo?

ZOTI TICHITE TISANAKUMANENSO

Banja lililonse lijambule khomo lake papepala kapena pansi, kusonyeza nyumba, chimbudzi, khola, njira ya madzi ndi malo a dimba. Aliyense abwere ndi mbeu kapena zodula za mtundu umodzi kuti tidzasinthane. Mphakati usankhe anthu awiri, mayi ndi bambo, okaonana ndi mfumu pa nkhani ya ziweto, ndi khomo limodzi la munthu wokalamba kumene tikamange mpanda ndi kuunda bedi loyamba Loweruka likudzali. Tikayambe ndi bedi limodzi. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.