Phunziro: Kusanja Zolemba za Mlangizi pa Kompyuta

Chilombo cha mbewu sichidziwa malire a dziko. Mbozi zachilendo za mtundu wa ntchemberezandonda zidaoneka ku Zambia kumapeto kwa chaka cha 2016, ndipo mu 2017 zidali zitapezeka m'Malawi, ku Mozambique mpaka ku South Africa. Mu Disembala 2017 boma la Malawi lidalengeza kuti maboma 20 mwa maboma 28 ali pa ngozi. Pa nthawi yotere mlangizi wa ku Mchinji afunika kudziwa msanga zimene mnzake wa ku Chipata kapena ku Ulongue waona.

Vuto ndi lakuti buku la mlangizi limalembedwa motsata masiku. Zimene adaona m'munda wina mu Januwale zimakwiririka pansi pa masamba a miyezi yotsatira. Mapulogalamu osungira zolemba monga Anytype ndi Capacities amasanja nkhani motsata zinthu, osati masiku okha. Nsanamira zake ndi zitatu.

1. Mitundu ya zinthu

Cholemba chilichonse chimayamba ndi funso lakuti: ichi nchiyani? Chingakhale mbewu, chilombo, munda, kalabu ya alimi kapena ulendo wa kumunda. Mtundu uliwonse uli ndi mizere yakeyake yoti idzazidwe. Munda ufuna malo, kukula kwake ndi mtundu wa dothi. Ulendo ufuna tsiku ndi zimene zapezeka. Chinthu chimodzi chikhale ndi tsamba limodzi basi. Nandolo amatchedwa nyamundolo ku Zambia ndi feijão bóer ku Mozambique. Maina onse atatu alembedwe pa tsamba limodzi, chifukwa masamba atatu amagawa nzeru patatu.

2. Magulu

Gulu lili ngati nkhokwe: mlangizi amaikamo zinthu zimene afuna kuzionera pamodzi, monga "Minda yachitsanzo ya chaka chino". Kusiyana kwake nkwakuti munda umodzi ungathe kupezeka m'magulu angapo popanda kuulemba kawiri. Akakonza cholakwika pa tsamba la mundawo, chakonzeka m'magulu onse.

3. Maulalo

Ulalo umalumikiza tsamba lina ku linzake. Polemba za ulendo, mlangizi amalumikiza tsambalo ku munda, ku mbewu ndi ku chilombo chimene wapeza. Pakutha pa nyengo, akatsegula tsamba la chilombo amaona minda yonse imene chidapezekamo ndi masiku ake. Apo mpamene pamaonekera ngati chimanga chodzalidwa mochedwa ndicho chidagwidwa kwambiri, kapena ngati minda ya kasakaniza idapulumukako.

Zoyenera kusamala

Woyamba kumene asachulutse mitundu. Inayi kapena isanu njokwanira. Alangizi ogwirira ntchito pamodzi agwirizane mitundu ndi miyeso, pakuti wina akalemba maekala mnzake nalemba mahekitala, zotsatira sizingafanizidwe. Kumene intaneti imavuta, pasankhidwe pulogalamu yosunga zolemba pa makina enieniwo, monga imachitira Anytype. Maina ndi manambala a foni a alimi asatumizidwe kwa ena popanda chilolezo chawo.

Ntchito yoyeserera

Mlangizi atenge masamba khumi a buku lake la chaka chatha, adule mzere kunsi kwa dzina lililonse la mbewu, chilombo ndi munda, kenaka awerenge maina amene abwerezedwa. Amenewo ndiwo oyamba kupatsidwa masamba awoawo.