KASUNGIDWE KA NYAMBO M'NYENGO YOTENTHA NDI UMOYO WA BANJA

Mwezi wa October ukafika, madzi amacepa m'madamu ndi m'mitsinje, ndipo nsomba zimaunjikana m'maiwe otsala. Iyi ndiyo nthawi imene abambo ndi anyamata ambiri a m'makomboni monga Kapata, Mchini ndi Nabvutika ku Chipata amatenga mbedza zao kukafuna ndiwo. Nsomba ndi cakudya comanga thupi, ndipo banja limene lili ndi msodzi limapulumutsa ndalama za kumsika.

Koma nyengo yomweyi nyambo imabvuta. Nthaka imauma gwa, nyongolotsi zimalowa pansi, ndipo zimene zakumbidwa m'mawa zimafa m'citini dzuwa lisanafike pamutu. Motero mnyamata amapita kukakumba pamene pali cinyontho, kuseri kwa bafa, pafupi ndi cimbudzi kapena m'ngalande za madzi oipa. Kumeneko ndiko kumene matenda amabisala. Msodzi amene adziwa kusunga nyambo yake yamoyo sabwerera kawirikawiri kumalo otere.

Cifukwa cace nyambo imafa

Nyongolotsi ilibe mapapo. Imapuma ndi khungu lake, ndipo khunguli liyenera kukhala lonyowa nthawi zonse. Likauma, nyongolotsi imafa. Citini cacitsulo cikakhala padzuwa cimatentha msanga, ndipo dothi la m'kati mwake limauma. Nyongolotsi imodzi ikafa imaola mofulumira ndi kuononga zinzake.

Tinsomba ta nyambo timapuma mpweya umene uli m'madzi. Madzi ofunda amasunga mpweya wocepa kuposa madzi ozizira, pamene nsomba ikatenthedwa imafuna mpweya wambiri. Zonyansa zimene nsombazo zimatulutsa nazo zimaipitsa madzi. Cizindikiro cakuti mpweya watha ndico kuona tinsomba tikukwera pamwamba ndi kuyasamula kukamwa.

Kusunga nyongolotsi

Cotengera cabwino ndi mphika wakale wadothi kapena bokosi lamatabwa. Ngati palibe, cigubu capulasitiki cingagwire nchito, koma cibooledwe timaenje ting'ono pansi kuti madzi azituluka ndiponso pa cibvundikiro kuti mpweya uzilowa. Cigubu cimene munali mankhwala ophera tizilombo m'munda sicifunika konse, ngakhale citatsukidwa.

M'katimo muikidwe dothi lakuda losakaniza ndi masamba oola. Dothilo likhale lonyowa pang'ono cabe, loti munthu akalifinya m'manja lisatuluke madzi ambiri. Matope amapha nyongolotsi monga momwe cilala cimaziphera. Mphika uikidwe pamthunzi, ndipo ndi bwino kuukwirira m'nthaka mpaka m'khosi ndi kuufunditsa saka yonyowa. Madzi a m'saka pouma amacotsa kutentha, monga momwe mtsuko umaziziritsira madzi akumwa. Saka inyowetsedwe m'mawa ndi madzulo.

Cakudya cao ndi gaga pang'ono kapena makoko a masamba. Nsima yotsala, nyama ndi zamcere zisaikidwemo cifukwa zimaitana nyerere, makoswe ndi nchenche. Tsiku lililonse zakufa zicotsedwe. Zikasungidwa motere nyongolotsi zimakhala masabata ambiri ndipo zimaswana. Popita kukawedza, msodzi atengeko zokwanira tsikulo m'kacitini kokulunga ndi nsanza yonyowa.

Kusunga tinsomba

Tinsomba tocepa m'ndowa yaikulu timakhalitsa kuposa tambiri m'ndowa yaing'ono. Ndowa ikhale pamthunzi. Pakapita maola awiri kapena atatu, gawo lina la madzi licotsedwe ndi kuthiramo ena, kuwathira cokwezeka kuti alowe ndi mpweya. Madzi asasinthidwe onse nthawi imodzi, pakuti kusintha kwadzidzidzi kwa kutentha kumapha nsomba. Madzi a pampope ali ndi mankhwala a klorini amene amateteza anthu koma amapha nsomba, cotero ayenera kukhala m'ndowa yosabvundikira tsiku lathunthu asanagwiritsidwe nchito.

Ndowa ya nyambo isakhale yomweyo yotungira madzi akumwa. Isasiyidwe pamene mwana wokwawa angafike, cifukwa mwana angamire ngakhale m'madzi ocepa. Nchito ikatha madzi ataidwe, pakuti m'nyengo yotentha udzudzu umaswana ndi kukula m'madzi oima m'sabata limodzi kapena kupitirira pang'ono. Neti yogonamo ndi yoteteza banja ku malungo, si yogwirira tinsomba ai.

Matenda a m'dothi

Dothi la pafupi ndi cimbudzi kapena ngalande limakhala ndi tizilombo toyambitsa kutsegula m'mimba, taifodi ndi kolera. Tizilomboti timatsalira m'zikhadabo, ndipo timalowa m'kamwa munthu akamadya. Mliri wa kolera umene unayamba ku Lusaka mu October 2023 ndi kupitirira mu 2024 unapha anthu oposa 700 m'dziko muno, ndipo unakula kwambiri m'makomboni. Njoka zina za m'mimba nazo zimalowera pakhungu la kuphazi munthu akaponda dothi lotere wopanda nsapato, ndipo zimacepetsa magazi, makamaka mwa ana.

Cotero nyongolotsi zikumbidwe kudimba, pansi pa nthoci kapena pa mulu wa masamba oola. Wokumba abvale nsapato ndipo agwiritse khasu. Akatha asambe m'manja ndi sopo ndi madzi oyenda, osaiwala zikhadabo. Kumtsinje, msodzi asadye kamba ndi manja amene wagwirira nyambo, ndipo asalume cingwe ca mbedza ndi mano. Ndi bwino kunyamula kasopo ndi botolo la madzi a kunyumba.

Likodzo

Amene amalowa m'madzi oima kukagwira tinsomba kapena kutunga madzi a nyambo angatenge likodzo. Tizilombo tace timacokera mu nkhono zazing'ono za m'madzi ndipo timaboola khungu ngakhale pamene palibe cironda. Poyamba khungu lingayabwe pang'ono. Patapita miyezi iwiri kapena itatu munthu amayamba kukodza magazi. Ena amayesa kuti nkukula kwa mnyamata, koma ndi matenda amene angaononge cikhodzodzo ndi impso. Mankhwala ace, ochedwa praziquantel, amapezeka kucipatala. Kupewa kwace ndiko kubvala majombo, kutunga madzi ataima pamtunda, ndiponso kusakodzera m'madzi. Kumitsinje ikuluikulu monga Luangwa kuima kutali ndi madzi akuya kumatetezanso ku ng'ona.

Kulaswa ndi mbedza

Mbedza imene yakola nyongolotsi imakhala ndi dothi, ndipo m'dothi mumakhala tizilombo ta kafumbata. Bala la mbedza ndi laling'ono koma lakuya, ndipo tizilomboti timakula bwino m'mabala otere. Minga ya mlamba imalasanso cimodzimodzi. Bala litsukidwe msanga ndi sopo ndi madzi aukhondo ambiri, kenaka limangidwe ndi nsalu yoyera. Pasapakidwe dothi, ndowe, phulusa kapena parafini.

Ngati mbedza yalowa mpaka kadzino kace kabisika m'mnofu, isazulidwe mokakamiza. Cingwe cidulidwe ndipo wobvulalayo apite kukiliniki tsiku lomwelo, kumene adzaicotsa ndi kuona ngati afunika katemera wa kafumbata. Mbedza imene yalasa m'diso kapena pafupi nalo isakhudzidwe konse. Zizindikiro za kafumbata zimaoneka pakati pa masiku 3 ndi 21, ndipo zimayamba ndi kuuma nsagwada ndi khosi. Woteroyo athamangire naye kucipatala. Bala likatupa, kufiira kapena kutuluka mafinya, nalonso lifunika kuonedwa ndi anamwino. Panyumba, mbedza zibayidwe pa citsononkho ndi kuikidwa pamwamba pamene ana sangafike.

Udindo wa makolo

Kawirikawiri amene amatumidwa kukakumba nyambo ndi ana. Makolo ayenera kudziwa kumene mwana akukumba, kumupatsa nsapato ndi kuona kuti wasamba m'manja asanakhale pa nsima. Akumbukirenso kuti boma limatseka usodzi m'madera ambiri kuyambira pa 1 December mpaka kumapeto kwa February kuti nsomba ziswane. M'miyezi imeneyi mphika wa nyongolotsi upitirize kusamalidwa, kuti usodzi ukatsegulidwa mu March nyambo idzapezeke pakhomo pomwepo.