Shedi yolimba imayambira pansi pa nthaka

Alimi anzanga, sabata ino ndikufuna tikambirane za maziko a shedi yosungiramo zokolola, feteleza ndi zipangizo kuseri kwa nyumba. Nkhaniyi ndikuyidziwa bwino chifukwa inandipweteka ine ndemwe.

Shedi yanga yoyamba kwathu kuno ku Madziabango ndinaimanga mothamanga. Ndinangopalapo pang'ono ndi khasu, ndikuyamba kuyala njerwa ndi matope. Ndalama zonse ndinagulira malata, poti ndiwo anthu amaona. Itabwera mvula ya namondwe wa Freddy m'mwezi wa Malichi chaka cha 2023, madzi ochokera kumtunda anaima pakhoma masiku angapo. Khoma linafewa kuyambira pansi ndipo linagwera matumba a chimanga amene tinkadalira kuti atifikitsa pokolola. Malata anali bwinobwino. Chimene chinandigwetsa ndi maziko. Kuthamanga sikufika.

Nazi zimene ndinatsata pomanganso.

Sankhani malo ndi nthawi

Mdani wamkulu wa shedi ndi madzi, wachiwiri ndi chiswe. Sankhani malo okwera amene madzi a mvula sadikhapo, ndipo talikirani chulu, dzenje la zinyalala ndi mizu ya mitengo ikuluikulu. Kumbani nthawi ya chilimwe, mukatha kukolola, kuti ngalande za maziko zisadzaze madzi. Palani dothi lonse lapamwamba lomwe lili ndi udzu ndi mizu. Dothi limeneli ndi labwino kumunda koma likawolerana limatitimira.

Yezani makona

Khomani zikhomo zinayi ndikumanga chingwe. Shedi yanga ndi ya mamita 4 m'litali ndi mamita 3 m'lifupi. Pa muyeso umenewu, chingwe chopingasa kuchoka pa kona imodzi kufika pa kona yoyang'anizana nayo chiyenera kukhala mamita 5 ndendende. Yezani mbali zonse ziwiri. Zikasiyana, suntha­ni zikhomo mpaka zifanane. Kona ikapindika pansi, malata sadzakhala bwino pamwamba.

Kumbani mpaka nthaka yolimba

Ngalande ikhale masentimita 45 m'lifupi ndipo kuya kwake kusachepere masentimita 45. Ngati pikisi ikulowabe mosavuta, pitirizani kukumba. Amene muli pa dothi lamakande kumbani mozama kuposa apa, chifukwa makande amafufuma ndi mvula ndi kung'aluka ndi dzuwa, ndipo amang'amba khoma. Pamalo otsetsereka ngati kwathu kuno, pansi pa ngalande pasatsate kutsetsereka kwa malo. Pakumbeni ngati masitepe, sitepe iliyonse yoyalana bwino. Ngati mulibe levulo, thirani madzi mu paipi ya pulasitiki yoonekera m'kati. Madziwo amaima pa msinkhu umodzi kumapeto konse kuwiri.

Konkire

Sakanizani ndowa imodzi ya simenti, ndowa 3 za mchenga wa kumtsinje wopanda dothi ndi ndowa 6 za miyala ya kwale. Madzi akhale ochepa. Konkire yamadzimadzi imathirika msanga koma siilimba. Thirani mulingo wa masentimita 15 ndikusinja bwino ndi mtengo. Pa shedi yangayi matumba 5 a simenti a makilogalamu 50 anakwanira. Mukatero muzithirira madzi m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7, ndipo vundikirani ndi udzu kapena masaka onyowa. Simenti imalimba ndi chinyezi, osati ndi dzuwa.

Kwezani maziko

Pamwamba pa konkire yalani njerwa zootcha kapena mabuloko a simenti, pomangira ndi simenti ndi mchenga, osati matope. Maziko atuluke pamwamba pa nthaka masentimita osachepera 20, ndiye kuti mizere itatu ya njerwa. Apa ndipamene ambiri timaumira, koma apa ndipamene madzi amamenya. Pamwamba pake yalani pepala lakuda la pulasitiki lokhuthala musanayambe khoma. Pepalali limatchinga chinyezi kuti chisakwere m'khoma ndi kukaoletsa mbewu. Ngati simenti yakucheperani, khoma lapamwamba mutha kumangira matope, koma pansi ayi.

M'kati thirani dothi louma pang'onopang'ono, mukusinja, kenaka miyala, pepala ndi simenti. Kunja kwezani khonde lotsetsereka mozungulira, ndipo kumtunda kumbani ngalande yopatutsa madzi. Chaka chilichonse mvula isanayambe, lambulani ngalandeyo ndi kuyang'ana ngati chiswe chayamba kumanga njira zake pakhoma.

Mawu otsiriza

Shedi yanga yatsopano ndinayamba ndaifolera udzu chifukwa ndalama zinathera pansi. Anzanga ena anaseka. Malata ndinagula patapita chaka, koma matumba anga sananyowepo. Denga mutha kulisintha tsiku lililonse. Maziko mukawakwirira, simudzawaonanso mpaka tsiku limene khoma lagwa.