Kusamala Maso Paukalamba

Ambiri kwa Kaluluma amati khungu limadza ndi ukalamba. Koma kawirikawiri chovuta ndi ng'ala, imene madokotala amachotsa pa opaleshoni yaifupi, monga ku chipatala cha Nkhoma.

Maso amafuna vitamini A, amene amapezeka m'bonongwe, nkhwani, mango, mapapaya, mazira ndi mbatata yofiira mkati. Masamba akhale otendera, pakuti mafuta a m'nsinjiro amathandiza thupi kulandira vitaminiyu.

Kusuta fodya ndiponso dzuwa lamphamvu zimafulumizitsa ng'ala. Motero mlimi avale chipewa kumunda. Wodwala matenda a shuga apimitse maso chaka ndi chaka. Madzi a zitsamba asathiridwe m'maso, chifukwa amawononga. Agogo akayamba kuona ngati chifunga, aperekezedwe kuchipatala msanga.