Kuimba pa WhatsApp kuchokera ku Neno: zoyenera kuchita foni ikamaduka

Ku Neno, kuimba foni kumadalira pamene munthu waima. Kumunsi ku Zalewa, pamene msewu wa M1 umaoloka Shire, malo ndi otseguka. Koma kumtunda kwa Dambe, kochokera mbatata ya kachewere, mapiri amatchinga, ndipo si zachilendo kuona mayi akuzungulira pabwalo foni ili m'mwamba, kufuna kumva mawu a mwana wawo ku Johannesburg. Kuyambira 2015, pamene WhatsApp inayamba kulola anthu kuimbirana, kuimba kunja kunatchipa. Kuduka kokha ndiye sikunathe.

Wofuna kuthana nako adziwe kuti kuimba kwa pa intaneti kuli pawiri. Poyamba mafoni awiri amafunana ndi kugwirizana, kenako mawu ayamba kuyenda. Malamulo otchuka a kugwirizanaku ndi SIP, olembedwa mu 1999 n'kukonzedwanso mu 2002. Foni ya woimba imatumiza uthenga wa INVITE. Inayo imabweza nambala 180 kusonyeza kuti ikulira, 200 mwini akayankha, kapena 486 ngati ali pa foni ina. SIP ili ngati nkhoswe: imakumanitsa awiriwo, imabweranso pothetsa, koma siikhala nawo m'nyumba. WhatsApp ili ndi malamulo akeake, ngakhale ndondomeko yake ndi yomweyi.

Choyamba, woimba asathamangire kuimba. Ayang'ane kachilembo kali pafupi ndi timizere ta netiweki. Pakakhala E, intaneti ndi yofooka ndipo mawu sayenda bwino. Asunthe kufuna H kapena 4G. Akatero alembe kauthenga kakafupi. Tizizindikiro tiwiri tikaoneka pa uthengawo, ndiye kuti foni ya mnzakeyo ili pa intaneti.

Chachiwiri, akaimba awerenge zolembedwa pa foni. Calling ikakhalitsa osasintha, pempho silinafike: mwina foni ya uko yazima kapena data yatha. Apa kuimbanso kakhumi n'kungotaya batire. Ndi bwino kumufulasha pa nambala wamba kuti ayatse data. Ikalemba Ringing, foni ikulira ndithu, chatsala n'chakuti mwini ayankhe.

Wolandira nayenso ali ndi gawo lake. Ambiri otchajitsa pa sola amayatsa njira yosunga batire, koma njirayi imatha kugoneka WhatsApp, foni osalira konse. Mikangano ina ya "bwanji simuyankha foni" imachokera pomwepa.

Vuto lokwiyitsa kwambiri limabwera mnzake atayankha kale, mawu n'kumadukaduka. Pamenepa kugwirizana kwatheka, chavuta ndi njira ya mawu. Foni imadula mawu m'tizidutswa, kawirikawiri 50 pa sekondi, n'kumatumiza kamodzikamodzi. Kachidutswa kakasochera, kulankhula sikuima kukadikira. Pamangokhala mpata, n'chifukwa chake mawu amamveka odyeka. Woimba aime malo amodzi, asamayende. Azimitse vidiyo, chifukwa imadya data yochuluka kuposa mawu. Aimitse zonse zimene foni ikukopera. Mu Settings, pa Storage and data, ayatse Use less data for calls: mawu amamveka ochepa mphamvu pang'ono koma amafika. Ndipo ngati awiriwo akungodulana pakamwa, si mwano, ndi kuchedwa kwa mawu panjira. Bungwe la ITU, loona za mafoni padziko lonse, limalangiza kuti kuchedwaku kusapose mamilisekondi 150 kuti kucheza kuziyenda bwino. Kukapitirira, aliyense azidikira kamphindi mnzake akamaliza.

Foni ikalemba Reconnecting, asadule. Mafoni akufunanso njira yatsopano, ndipo nthawi zambiri masekondi ochepa amakwana. Akadula, kugwirizana konse kumayambiranso poyamba, pa netiweki yomwe yavuta kaleyo.

Okhala kufupi ndi malire a Mozambique ali ndi chenjezo lawolawo. Foni imatha kugwira yokha netiweki ya kutsidya, monga Vodacom kapena Movitel, ndipo mayunitsi amatha msanga kapena intaneti imangoleka. Alowe mu Settings, azimitse Data roaming, asankhe pamanja TNM kapena Airtel.

Pomaliza kulankhula adine batani lofiira, asangoponya foni m'thumba. Batanilo ndi limene limatumiza uthenga wotseka, umene mu SIP umatchedwa BYE. Onse awiri akaiwala, foni imapitiriza kudya data, ndipo wa uko amamva zonse zokambidwa pakhonde.

Zonsezi zikakanika, mlimi wofuna kuuza wogula wa ku Blantyre mtengo wa thumba la mbatata ajambule voisi noti. Iyo imadikira mu foni n'kupita yathunthu netiweki ikabwerera, ndipo mtengo umene anagwirizana umatsala wosungidwa kwa onse awiri.