Phunziro la Mwezi Uno: Kugwira Ngodya za Mphasa ya Wodwala TB Yosamva Mankhwala

Kuwerenga: Marko 2:1-12

Nkhani imene tawerengayi ambiri tinaiphunzira tili ana. Anthu anayi ananyamula mnzawo wofa ziwalo kupita naye kwa Yesu ku Kapernao, ndipo atapeza kuti pakhomo padzaza, anasasula denga n'kumutsitsa ali pamphasa yake yomweyo. Mayina a anthu anayiwo sanalembedwe, koma chikhulupiriro chimene Ambuye anayamba kuona chinali chawo. Mwezi uno tiphunzira za nthenda imene wodwala sangathe kuipirira yekha popanda omugwirira ngodya za mphasa. Nthendayi ndi chifuwa chachikulu chosamva mankhwala, chimene achipatala amachitchula kuti MDR-TB.

Kusiyana kwake ndi TB imene tinaizolowera

TB wamba imachizika ndi mankhwala a miyezi 6. Mwa mankhwalawo, awiri ndiwo mizati: isoniazid ndi rifampicin, uja amafiiritsa mkodzo. Tizilombo ta TB tikasiya kumva awiriwa, munthu atha kumwa mibulu yake tsiku ndi tsiku koma chifuwa osatha, thukuta la usiku osaleka, thupi likungotsikabe.

Zimachitika bwanji? Taganizirani za thumba la chimanga. Mukathiramo mankhwala ochepa, anankafumbwe ofooka amafa koma olimba amatsala, n'kuswana okhaokha olimbawo. Ndi mmenenso zimakhalira munthu akamamwa mankhwala a TB modumphadumpha, kapena akawasiya mwezi wachiwiri chifukwa wayamba kupezako bwino.

Koma apa tichenjere, amayi, chifukwa pakamwa pathu pamafulumira kuweruza. Anthu ambiri odwala TB yosamva mankhwala sanadumphepo tsiku ngakhale limodzi. Anachita kuipuma mu mpweya kuchokera kwa munthu wina, ili yosamva kale mankhwala, mwina m'minibasi yotseka mawindo, m'ndende kapena m'chipinda chogonamo anthu ambiri. Choncho mawu oti "anazifuna yekha" asamveke pakati pathu.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena kuti m'chaka cha 2023 anthu pafupifupi 400,000 anadwala TB yosamva rifampicin, ndipo amene anayamba kulandira chithandizo sanakwane theka. Dziko linadzidzimuka ndi nthendayi m'chaka cha 2006, pomwe zinamveka kuti ku Tugela Ferry, m'chigawo cha KwaZulu-Natal ku South Africa, mwa odwala 53 omwe anali ndi mtundu wovutitsitsa wa TB imeneyi, 52 anamwalira, ambiri mwa iwo pasanathe mwezi chiwayezereni. Ife nkhani ya ku South Africa si yakutali ayi. Ndi nthambi iti ya Mothers' Union imene ilibe mayi amene mwana wake ali ku Joni? Mwana akabwerako akutsokomola, kapena atasiyira panjira mankhwala amene anayamba kumeneko, tisadikire kuti apume kaye. Tipite naye kuchipatala atatenga mapepala onse amene anamupatsa.

Kale ndi lero

Ife amene tinagwirako ntchito ya unamwino tikukumbukira mmene zinalili. Makhololo a wodwala ankatumizidwa kutali, ndipo zotsatira zoonetsa ngati mankhwala akugwira zinkatenga masabata ambiri, nthawi zina kufika mwini wake tamuika kale m'manda. Chithandizo chinali cha miyezi 18 mpaka 24, mibulu yodzaza dzanja, kuphatikizapo jakisoni wa miyezi yambirimbiri mpaka matako kuuma gwa. Choipitsitsa n'chakuti jakisoni ameneyu, makamaka wa kanamycin, ankagonthetsa m'kutu, ndipo kugonthako sikunkabwerera. Mtsikana wina wa ku Cape Town, Phumeza Tisile, anadwala m'chaka cha 2010 ali pasukulu, nagontha chifukwa cha jakisoniyu, koma anapirira mpaka kuchira mu 2013. Atachira anakhala mmodzi mwa anthu omenyera nkhondo yoti odwala ena asamapatsidwenso mankhwala otere.

Tiyamike Mulungu kuti zinthu zasintha. Mu 2010 bungwe la WHO linavomereza makina otchedwa GeneXpert, amene amayeza makhololo n'kuonetsa m'maola awiri okha ngati muli TB, komanso ngati TB yakeyo ikumva rifampicin. Mu 2012 kunabwera mankhwala atsopano otchedwa bedaquiline, oyamba a mtundu wawo patatha zaka pafupifupi 40. Mu 2022 WHO inavomereza chithandizo cha miyezi 6 chotchedwa BPaLM, chakumwa chokhachokha popanda jakisoni. Si aliyense angalandire chimenechi. Amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana ochepera zaka 14 amapatsidwa china, ndipo amene amasankha ndi achipatala. Chachikulu kwa ife n'chakuti nthendayi imachizika, ndipo m'dziko muno mankhwala a TB salipiritsa.

Mankhwala ndi aulere, koma ulendo si waulere

Apa ndi pamene pali ntchito yathu, ndipo tikhalitsepo pang'ono. Wodwala TB yosamva mankhwala amayenera kupita kuchipatala kawirikawiri: kukapereka makhololo, kukayezetsa magazi, kukaunikitsa mtima, kukatenga mankhwala ena. Kabaza ndi minibasi zimafuna ndalama, pomwe mwini wakeyo wasiya kulima, wasiya geni, mwinanso abwana amuuza kuti asabwerenso. Ena amasiya mankhwala osati chifukwa cha mwano, koma chifukwa m'nyumba mulibe ufa. Mankhwala ngati bedaquiline amayenera kumwedwa munthu atadya, ndiye mungamuuze bwanji munthu kuti "imwani mutadya" pamene moto sunayake kuyambira dzulo?

Chimodzi mwa zolinga zisanu za Mothers' Union ndi kuthandiza mabanja amene agweredwa zovuta. Timachinena mokweza tikavala yunifolomu, tsono tichichite. Mbale ya ufa, nsinjiro zothira m'phala, mazira awiri, kausipa, nyemba, nthochi, zimenezi ndi mankhwala nawonso. Koma tisachite monga timachitira nthawi zambiri, kupita gulu lonse sabata yoyamba titasenza mitolo ya nkhuni, kuimba nyimbo, kenako n'kuzimiririka. Nthenda iyi ndi ya miyezi 6, 9, mwina 18. Kuli bwino amayi awiri azipita sabata iliyonse mosinthana kufikira tsiku lomaliza, kusiyana ndi amayi makumi atatu kupita tsiku limodzi.

Tidziwenso zovuta za mankhwalawa kuti tisadabwe nazo. Ena amachita nseru ndi kusanza. Linezolid amatha kuchititsa dzanzi kapena kutentha kumapazi, kuchepetsa magazi, ndiponso kusokoneza maso. Clofazimine amadetsa khungu, ndipo atsikana amadandaula nazo kwambiri mpaka kufuna kusiya, koma khungulo limabwerera pang'onopang'ono mankhwala akatha. Cycloserine amatha kusokoneza maganizo, munthu n'kukhala wokhumudwa, wosagona, kapena kuyankhula zosalongosoka. Tikaona zotere tisathamangire kunena kuti walodzedwa kapena wagwidwa ziwanda. Tisamuuzenso kuti "tapumulani kaye masiku angapo." Tithandize gadiyani wake kuti akafotokoze kuchipatala tsiku lomwelo, kapena tiitane mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu. Dokotala atha kuchepetsa mlingo kapena kusintha mankhwala amodzi, koma ife sitingathe. Wodwala akamaoneka kuti watopa ndi moyo, kapena akutchula zodzipha, asasiyidwe yekha.

Amene ali ndi kachilombo ka HIV apitirize kumwa ma ARV, ndipo achipatala adziwe mankhwala onse amene akumwa, ngakhale azitsamba omwe. Ndipo tinene poyera, ngakhale ena sakondwa nazo: munthu aliyense, kaya akutchedwa mneneri kaya mtumiki, amene akuuza wodwala kuti ataye mankhwala chifukwa wapemphereredwa, akumukumbira manda. Mpingo wathu unamanga zipatala za St Luke's ku Malosa, St Martin's ku Malindi, St Anne's ku Nkhotakota ndi St Peter's pa chilumba cha Likoma chifukwa makolo athu m'chikhulupiriro sanaone mkangano pakati pa pemphero ndi mankhwala.

Za mbale, makapu ndi mawindo

Funso limene amayi amafunsa monong'ona ndi lakuti, nanga ifeyo sitingatengere? Ndi funso labwino ndipo lisatichititse manyazi. TB imayenda mu mpweya, wodwala akamatsokomola, kuyetsemula, kuyankhula kapena kuimba. Siyenda m'mbale, m'kapu, m'chitenje, kapena pogwirana chanza. Mwambo uja womupatulira wodwala mbale yakeyake, n'kumaitsuka payokha ngati ya galu, suteteza munthu aliyense. Umangomusweka mtima. Ena m'midzi amati ndi tsempho kapena mdulo, n'kuyamba kuloza chala mkazi wake kapena mwamuna wake. Banja limatha, pamene chimene chimafunika chinali kutsekula zenera.

Tikapita kukazonda, tikhale pakhonde kapena pansi pa mtengo, pamene mphepo ikudutsa. Masabata oyamba wodwala azigona payekha m'chipinda cholowa mpweya ndi dzuwa, azivala chotchinga pakamwa ndi pamphuno akakhala pafupi ndi anthu, ndipo tisapiteko ndi makanda kumsana. Amayi amene thupi lawo ndi lofooka athandize m'njira zina, monga kuphika kapena kusonkha, kufikira achipatala atanena kuti ngozi yachepa. Mankhwala oyenera akayamba kugwira, mphamvu yopatsira ena imatsika msanga. Woopsa kwenikweni si amene ali pa mankhwala, koma uja watsokomola mwezi wathunthu osayezetsa, amene mwina timakhala naye benchi imodzi Lamulungu lililonse mawindo a tchalitchi ali chitsekere.

Onse a m'nyumba ya wodwala akayezetse, makamaka ana osakwana zaka 5 ndi amene ali ndi HIV. Ndipo pamene sangathe kubwera kutchalitchi, tidziwitse wansembe kuti amupititsire Mgonero kunyumba. Achipatala akamulola kubwerera, tisamamusunthire kutali kapena kudikira kuti iye alandire chikho pomalizira.

Ambuye Desmond Tutu, amene anadzakhala Bishopu wamkulu wa Cape Town, anadwala TB mu 1947 ali mnyamata wa sukulu, nagona m'chipatala cha Rietfontein pafupifupi chaka ndi theka. Wansembe wa Anglican, Trevor Huddleston, ankamuyendera kawirikawiri, kumutengera mabuku ndi kukhala pambali pa bedi lake. Panthawiyo Tutu anali mwana wa mphunzitsi chabe, ndipo palibe ankadziwa chimene adzakhale. Iye mwini ankakumbukira maulendo amenewa mpaka ukalamba wake.

Mankhwala akatha

Tsiku limene achipatala anena kuti wachira tikondwere naye, ndipo ngati afuna, tikathokoze limodzi pa Misa. Koma tisatule mphasa msanga. TB imasiya zipsera m'mapapo, kotero kuti ena amakhala akubanika akakwera kamtunda kapena kusenza ndowa, ndipo apongozi amayamba kunena kuti ndi ulesi. Utsi wa nkhuni m'khitchini yopanda zenera ndiponso fodya zimawavulaza koposa. Ambiri amatuluka m'matendawa ali ndi ngongole, mbuzi zinagulitsidwa, mwana anasiya sukulu. Ngati nthambi yathu ili ndi banki ya m'mudzi, tiganizire zomupatsa poyambira geni. Apitirizebe kupita ku masiku amene achipatala amupatsa, ndipo chifuwa chikayambiranso abwerere msanga, chifukwa munthu atha kudwala TB kachiwiri.

Tiwapatsenso mpata oterewa kuti ayankhule, ngati iwo eni avomera. Wodwala amene wafika mwezi wachitatu, khungu lada, mapazi akutentha, amamvera msanga mayi amene anadutsamo kusiyana ndi ife tonse ndi ulaliki wathu. Koma dzina la wodwala lisatchulidwe pa zolengeza za m'tchalitchi kapena m'pemphero la pagulu iye asanalole.

Pokambirana Lachinayi likudzali, nthambi iliyonse ifufuze kuti chipatala choyandikira chimene chimalandira makhololo ndi chiti, ndipo mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo ndani. Kenaka musankhe amayi anayi amene adzakhale okonzeka kusinthana maulendo, ndipo msungichuma anene ndalama zimene thumba la odwala lingapatule mwezi uliwonse zolipirira kabaza.