KUGWA KWA MTENGO

Iwo amene amatema mitengo potsegula munda adziwa kuti mtengo sugwa monga ugwa mwala. Mwala ungotsika molunjika, koma mtengo utembenuka pa citsa cake monga citseko citembenuka pa mphuthu. Tsinde likhala pomwepo, nsonga ndiyo iyenda ulendo wautali.

Poyamba mtengo upendekeka pang'onopang'ono, pakuti kulemera kwake kukali pamwamba pa citsa. Koma pamene ulikupendekeka, kulemerako kucoka pacitsa ndi kuukokera kumbali ndi mphamvu yoonjezeka, ndipo liwiro likula kufikira mtengo utagunda pansi. Apa ndipo anyengeka anthu ambiri. Aona kuzengereza kwa poyamba, nayesa kuti nthawi ikalipo yotola nkhwangwa.

Mtengo wautali ucedwa kugwa koposa waufupi. Yesani kuimika nsungwi yaitali pa cikhatho, mudzaisunga. Kamtengo konga cala kadzagwa musanasunthe dzanja. Akawerengera ophunzira apeza kuti mtengo wotalika kanai utenga nthawi yowirikiza kawiri. Koma kucedwako musakuyese ulesi. Mlongoti woongoka wa mamita 20, wopanda nthambi, nsonga yake ifika pansi ndi liwiro la makilomita 87 pa ola, pamene mwala wogwa kucokera msinkhu womwewo ufika ndi 71 okha. Nthambi ndi masamba zicepetsako liwiroli pokankhana ndi mphepo, komabe munthu wothamangira kumene mtengo ulikugwera sangaupambane.

Tsinde nalonso liri ndi zake. Mtengo ukaduka wonse, tsinde likhoza kudumpha pacitsa ndi kubwerera m'mbuyo, makamaka nthambi zikagunda mtengo wina, ndipo woima kumbuyo kwenikweni limtyola miyendo.

Tsono potema, yambani kusema mbali imene mufuna kuti mtengo ugwere. Mukatero temani kumbuyo, pamwamba pang'ono, koma musamalize. Siyani pakati kacigawo kosadula, monga limodzi la magawo khumi a kunenepa kwa thunthu. Kameneka kagwira mtengo ndi kuuongolera njira. Lambulani pothawira musanayambe nchito, ndipo mtengo ukalira, siyani nkhwangwa, mucoke cam'mbuyo mopendekera kumbali, maso ali pamtengo. Ana ndi ena oonerera aime kutali, pa mtunda wowirikiza kawiri msinkhu wa mtengowo.